Funsani Amakaniko: Kodi ndikulitse injini ya njinga yanga yakale?

Mwezi uno talandira makalata atatu okhudza kuwonjezera mphamvu ya njinga zamoto zakale. Yoyamba ndi imene tikhalitsepo, chifukwa mwini wake akufuna kuwononga ndalama zambiri ndiponso ali ndi ulendo wautali kutsogolo kwake.

FUNSO

Amakaniko, ndimakhala ku Turffontein mu mzinda wa Johannesburg ndipo ndimagwira ntchito yosamalira pakhomo pa banja lina. Abwana anga atakalamba n'kusiya kukwera, anandigulitsa motchipa njinga yawo yamoto, Yamaha XS650 ya 1978, imene inakhala m'galaja zaka 9 osalizidwa. Ndaikonza mpaka ikuyenda, koma ilibe mphamvu. Ndikanyamula mayi a kunyumba n'kufika pa chitunda cha Munro Drive ku Houghton, imandikakamiza kubwerera ku giya yachiwiri. Mnzanga wina akuti ndigule mapisitoni aakulu kuti ikhale ya 750 cc. Mu December ndikufuna kupita nayo kwathu ku Mulanje kudzera ku Tete. Kodi nditsatire malangizo a mnzangayo?

Wowerenga wa ku Turffontein

YANKHO

Bambo, abwana anu anakusiyirani njinga yabwino. Mtundu umenewu unayamba kugulitsidwa cha mu 1970 pa dzina la XS1, ndipo Yamaha inapitiriza kuupanga mpaka m'zaka za m'ma 1980. Injini yake ili ndi masilinda awiri oyandikana, imaziziritsidwa ndi mphepo yokha, ndipo crankshaft yake, chitsulo chimene mapisitoni amachizungulitsa akamakwera ndi kutsika, imazungulira pa mabering'i olimba kwambiri, n'chifukwa chake anthu ambiri padziko lapansi akhala akuikulitsa popanda vuto. Choncho mnzanuyo sakunena zosatheka. Koma ine ndikuona kuti akukupatsani mankhwala asanadziwe matenda, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Tiyambe ndi nambala. Tikamanena cc timatanthauza kukula kwa malo amene mapisitoni amasesa akamatsika kuchokera pamwamba penipeni kufika pansi penipeni. Pa njinga yanu bowo la silinda iliyonse ndi lotambalala mamilimita 75 ndipo pisitoni imayenda mamilimita 74, zomwe zimapereka 327 cc pa silinda imodzi, kapena 654 cc pa onse awiri. Kuti nambala imeneyi ikwere pali njira ziwiri, kutambalalitsa bowo kapena kutalikitsa ulendo wa pisitoni. Njira yachiwiriyo imafuna kusintha crankshaft ndipo ndi yodula moti sindiikambanso. Pa njira yoyamba, mapisitoni okulirapo amene amagwiritsidwa ntchito pokonza injini yotha amakwera ndi mamilimita 0.25, 0.50, 0.75 mpaka 1.00. Ngakhale mutatenga aakulu kwambiri mwa amenewa, a mamilimita 76, injini imangofika pa 671 cc, ndipo 17 cc yowonjezerayo simungaimve pa chitunda chilichonse. Zimene mnzanu akunena ndi mapisitoni a mamilimita 80, amene amafikitsa injini pa 744 cc ngakhale ogulitsa amalemba kuti 750. Amenewa salowa m'masilinda anu akale pongowasema chabe, chifukwa khoma lachitsulo lingatsale lopyapyala kwambiri, ndiye pamafunika masilivu (mapaipi achitsulo a m'kati mwa silinda momwe pisitoni imayenda) atsopano okhuthala kapena masilinda ena athunthu.

Kuchoka pa 654 kufika pa 744 ndi kuwonjezera pafupifupi 14 peresenti. Nambala imeneyi muisunge, chifukwa pali inzake imene anthu ambiri obwera kuno ku Joni saidziwa. Mzinda wa Johannesburg uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Blantyre ndi Lilongwe ali pa mamita opitirira pang'ono 1,000. Pamalo okwera chonchi mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu yake pa mamita 300 aliwonse, kutanthauza kuti kuno imataya pafupifupi 17 peresenti poyerekeza ndi ku Durban. Njinga yanu ili yatsopano inkatulutsa mphamvu za horsepower pafupifupi 50 m'mphepete mwa nyanja, koma ngakhale tsiku limene inatuluka m'sitolo, kuno sikanapitirira 42 kwenikweni. Mukuona kuti mapisitoni aakuluwo, ndi ndalama zonse zimene angadye, sangabweze ngakhale zimene phiri la Witwatersrand likukulandani tsiku ndi tsiku.

Komabe XS650 yabwinobwino, ngakhale kuno kumtunda, imakwera Munro Drive ndi anthu awiri popanda kudandaula. Ngati yanu ikulephera, ndiye kuti pali mphamvu ina imene yatayika m'zaka 9 zija, ndipo imeneyo ndi yotchipa kuibweza.

Malo oyamba kuwakayikira ndi makabuleta. Njinga ya chaka chanu inabwera ndi makabuleta awiri a Mikuni amene amakweza silaidi, kachitseko kotsegulira mpweya ndi petulo, pogwiritsa ntchito kachikopa karabala kopyapyala kokhala pamwamba. Rabala ikakhala zaka zambiri imauma n'kung'ambika, ndipo kabowo kochepa ngati ka singano ndi kokwanira kuti silaidi isamakwere mpaka pamwamba. Njinga yotere imalira bwino ili chiimire, imayenda bwino pang'onopang'ono, koma mukaifunsa mphamvu imangolira mopanda ntchito. Chotsani zikopazo, muziunike padzuwa mukuzikoka pang'ono. Petulo wakale nayenso akauma amasiya utomoni umene umatseka timajeti, timabowo ting'onoting'ono todutsira petulo, ndipo marabala olumikiza kabuleta ku injini amachita ming'alu n'kumalowetsa mpweya wakuba. Yang'ananinso mapulagi mutayenda ulendo wa makilomita 20 kapena 30. Akakhala akuda ndi mwaye wouma, petulo akuchuluka kuposa mpweya, zomwe zimachitika kawirikawiri kumalo okwera ngati kuno, ndipo jeti yaikulu ingafunike kuchepetsedwa ndi saizi imodzi kapena awiri. Fyuluta ya mpweya yazaka zimenezo ingotayani.

Malo achiwiri, amene amakaniko achinyamata ozolowera njinga zamakono amawadumpha, ndi kayatsidwe ka moto. Njinga yanu imagwiritsa ntchito mapointi, tizitsulo totseguka ndi kutsekeka toyambitsa moto wa pa pulagi, ndipo mpata wawo uyenera kukhala pakati pa mamilimita 0.3 ndi 0.4. Kumbali ina ya camshaft, chitsulo chozungulira chimene chimatsegula mavavu, kuli kachipangizo ka tizitsulo tiwiri ndi timasipuling'i kamene kamafulumizitsa moto injini ikamathamanga, ndipo kamalumikizana ndi mapointi kudzera pa kandodo kodutsa m'kati mwa camshaft. Girisi wa pa kandodo kameneka akauma, moto umangokhala pamalo a injini yongolira njinga ili chiimire, ndipo njinga imakhala yaulesi ndendende monga mwafotokozera. Ndaonapo njinga zingapo zimene eni ake anali atakonzeka kuphwasula injini yonse, koma zinachira ndi girisi wochepa ndi nyale yoyezera timing, kapena kuti nthawi yoyakira moto. Mukakonza zimenezi, ikani bwino mipata ya mavavu ndi kulimba kwa tcheni cha camshaft motsatira buku la njingayo, kenako mukweze tayala lililonse n'kulizungulitsa ndi dzanja kuti muone ngati mabuleki sakugwira okha.

Mukatha zonsezi m'pamene muyeze kompuresheni, kapena kuti mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya mu silinda, injini ili yotentha ndipo chopatsira moto chili chotsegula mpaka kumapeto. Musadabwe geji ikasonyeza nambala yotsika kuposa ya m'buku, pakuti nayonso imakhudzidwa ndi kupepuka kwa mpweya: injini yosonyeza 150 psi ku Durban ingasonyeze pafupifupi 125 kuno. Chofunika kwambiri ndi chakuti masilinda awiriwo asasiyane kupitirira 10 peresenti. Silinda ina ikatsika, thirani oyilo wokwana kasipuni kakang'ono pa bowo la pulagi n'kuyezanso. Nambala ikakwera, vuto lili pa maringi kapena pa khoma la silinda. Ikapanda kusintha, mavavu ndi amene akutaya mpweya, ndipo pamenepo ngakhale pisitoni yaikulu ngati mphika singakuthandizeni.

Tiyerekeze tsopano kuti mwayeza ndipo mwapeza kuti masilinda anathadi. Ngati sanasemedwepo kwambiri, saizi yotsatira ya pisitoni ndi yokwanira, ndipo mudzasiya chitsulo china chodzasema m'tsogolo. Nthawi yokhayo imene ine ndingavomereze za 744 cc ndi mtima wonse ndi pamene masilinda afika kale pa saizi yomaliza kapena akandika mozama, popeza pamenepo masilivu atsopano akufunika ndithu, ndipo kusiyana kwa mtengo sikukhalanso kwakukulu. Phindu lake lenileni si liwiro lapamwamba ayi, koma mphamvu yokoka pamene injini ikuzungulira pang'onopang'ono, yomwe ndi yothandizadi kwa munthu wonyamula mnzake.

Ntchitoyo ndi yaikulu kuposa momwe mnzanu akuifotokozera. Pa XS650 hedi, chivundikiro cha pamwamba pa masilinda, sichoka injini ili m'fulemu, choncho injini yonse iyenera kutsitsidwa, ndipo ndi yolemera moti mudzafuna munthu wina wokuthandizani. Musagule mapisitoni musanatsegule, chifukwa Yamaha inapanga injiniyi ndi mitundu itatu ya ndodo za pisitoni yosiyana kutalika, imene imadziwika ndi manambala 256, 447 ndi 533 olembedwa pa ndodoyo, ndipo pisitoni ya mtundu wina siigwirizana ndi ndodo ya mtundu wina. Njinga zimene zinafika muno mu South Africa zinadzera njira zosiyanasiyana, ndiye chaka chokha si umboni wokwanira. Mukatsegula, yezani bowo laling'ono la pamwamba pa ndodo pamene pini ya pisitoni imalowa, chifukwa ngati pali kugwedera, pisitoni yolemerapo idzangofulumizitsa kuwonongeka kwake. Sinthaninso tcheni cha camshaft pamodzi ndi kotsogolera kake kakutsogolo, kamene rabala yake imadziwika kuti imamatuka ikakalamba, ndipo mutsegule pansi pa injini kuti muone kasefa ka oyilo, komwe pa njinga zambiri za mtunduwu kamapezeka katang'ambika.

Kusema masilinda si ntchito ya pansi pa mtengo. Malo okhala ndi makina ake alipo ambiri cha ku Booysens, ku Selby ndi ku Germiston, koma musankhe amene anazolowera injini za njinga, ndipo muwapititsire mapisitoni enieniwo kuti aseme bowo lililonse molingana ndi pisitoni yake. Mpata wa pakati pa pisitoni ndi khoma ndi wochepa kwambiri, pafupifupi mamilimita 0.05 pa mapisitoni wamba, pamene mapisitoni osula amafuna mpata wokulirapo chifukwa amafufuma kwambiri akatentha. Mpata wa kumapeto kwa ringi pa bowo la mamilimita 80 umakhala pafupifupi 0.3 kapena kupitirira pang'ono, ndipo ukachepa, nsonga za ringi zimagundana injini ikatentha n'kukanda khoma latsopanolo. Pepala lobwera ndi mapisitoni ndi limene liyenera kulamula pa manambala onsewa.

Palinso china chimene chimakwera mwakachetechete. Chipinda choyakira moto cha mu hedi sichikula pamene silinda yakula, choncho mpweya wambiri umapanikizidwa pamalo omwewo. Tiyerekeze kuti injini yanu imapanikiza mpweya pa mlingo wa 8.4 kwa 1. Ndi silinda ya 372 cc, mlingowo ungafike pafupifupi 9.4 kwa 1 ngati mutu wa pisitoni uli wofanana ndi wakale. Kuno ku Gauteng zimenezi si zoopsa, popeza mpweya wopepuka umachepetsa kugogoda kwa injini, n'chifukwa chake kumtunda kuno amagulitsa petulo wa 93 pambali pa wa 95 (nambala yokwera imapirira bwino kugogoda), pamene kunyanja kuli wa 95 yekha. Komabe injini yokulitsidwa muziipatsa 95. Za petulo wamtovu, amene anasiya kugulitsidwa m'dziko muno mu 2006, musade nazo nkhawa, pakuti hedi yanu ndi ya aluminiyamu yokhala ndi mipando ya mavavu yolimba. Chodetsa nkhawa ndi kutentha. Zipsepse zoziziritsira injini ndi zomwe zija za 654 cc, koma moto woyaka m'kati wachuluka, ndipo mukaima pamzere wa magalimoto pa msewu wa M1 kuno ku Johannesburg masana a mwezi wa January, mphepo yoziziritsa palibe. Ambiri amene amakulitsa injiniyi amaikako kachoziziritsira oyilo, komanso masipuling'i olimbirapo a kilachi kuti isamaterereke.

Tsopano za ulendo wanu, zomwe kwa ine ndi zimene zikugamula mlandu. Kuchoka kuno kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete ndi Zóbuè mpaka ku Mwanza ndi Blantyre ndi makilomita opitirira 1,700, ndipo Mulanje ili kutsogolo. Msewu umenewu umatsika ndi kukwera kwambiri: mumatsikira m'chigwa cha Limpopo, kukweranso ku Harare, kenako kutsikira ku Tete m'mbali mwa Zambezi, kumene kuli pansi pa mamita 200 ndipo dzuwa la December limatha kupitirira madigiri 40. Majeti amene mwawachepetsa kuti agwirizane ndi Johannesburg akakafika kumeneko adzapereka petulo wochepa pa mpweya wochuluka, injini idzatentha, ndipo ngati mlingo wopanikizira uli wokwera, idzayamba kugogoda ngati muli timiyala m'kati. Kugogoda kotere kukapitirira kumaboola mutu wa pisitoni. Injini yongomangidwa kumene, imene sinamalize makilomita 1,000 oyamba oizoloweza pang'onopang'ono, n'kusinthidwa oyilo ndi kumangidwanso mabawuti a hedi, siyoyenera kuyesedwa pa msewu umenewo itanyamula anthu awiri ndi katundu wa Khirisimasi. Ndipo ringi ya mamilimita 80 ikathyoka muli ku Chitakale, simudzaipeza m'sitolo iliyonse ya ku Limbe.

Choncho yankho langa ndi lakuti chaka chino musakulitse. Konzani makabuleta, moto ndi mavavu, ndipo ngati mukufunabe kuti izinyamuka mosavuta ndi anthu awiri, ikani sipuloketi yakumbuyo, gudumu la mano loyendamo tcheni, yoposa yakaleyo ndi mano awiri, ngakhale kuti injini idzazungulira mofulumirirapo pa msewu waukulu ndipo kunjenjemera kwake, komwe ndi khalidwe la njingayi, kudzamveka kwambiri. Musananyamuke bwezeranimo majeti a ku fakitale, chifukwa pulagi yakuda pang'ono ku Johannesburg ndi yabwino kuposa pisitoni yobooka ku Tete. Ndalama za mapisitonizo zipite ku matayala ndi mabuleki. Tayala lililonse lili ndi manambala anayi m'mbali osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa, ndipo lazaka zoposa 9 ndi louma ngakhale mizere yake ikuoneka yakuya.

Mukadzabwerako n'kuganiza zokulitsabe, masilinda ndi mapisitoni akalewo mudzawasunge, popeza okonda njinga zakale amalipira bwino njinga yosasinthidwa. Anthu amenewa mungakumane nawo pa chionetsero cha 1000 Bike Show chimene bungwe la Classic Motorcycle Club limakonza, ndipo ena mwa iwo ali ndi zipangizo za XS650 m'magalaja mwawo. Nambala ya injini sisintha mukakulitsa, chifukwa inadindidwa pa thupi la injini, koma a ku ofesi ya malaisensi ndi a inshuwalansi ayenera kudziwitsidwa za cc yatsopano. Kuika injini ina yathunthu ndiye kumafuna kalata ya apolisi. Ndikhulupirira kuti njingayo munailembetsa kale m'dzina lanu, chifukwa pa chipata cha Beitbridge adzafuna mapepala amenewo.

FUNSO

Ndili ndi Honda CG125 yakale imene ndimaperekera chakudya kwa makasitomala cha ku Mayfair ndi Fordsburg. Laisensi yanga ndi ya A1. Ndaona silinda ndi pisitoni za 150 cc zikugulitsidwa motchipa. Kodi ndingaike popanda wina kudziwa?

Mnyamata wa ku Mayfair

YANKHO

Achimwene, pa zachitsulo nkhani yanu ndi yaifupi. CG125 ili ndi bowo la mamilimita 56.5 ndi ulendo wa pisitoni wa mamilimita 49.5, zomwe zimapereka 124 cc, ndipo pisitoni ya mamilimita 62 imaifikitsa pa 149 cc. Kumeneku ndi kuwonjezera gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo mungakumve ndithu. Muyenera kuyeza ngati pini ya pisitoni ikufanana ndi ya ndodo yanu ndiponso ngati m'munsi mwa silinda yatsopano mukulowa pakamwa pa thupi la injini, popeza nthawi zina pamafunika kusema. Jeti nayonso iyenera kuunikidwanso.

Vuto lanu lenileni ndi lamulo. Laisensi ya A1 imalola njinga yosapitirira 125 cc, ndipo ikadutsa pamenepo pamafunika laisensi ya A, imene munthu amatenga akakwanitsa zaka 18. N'zoona kuti wapolisi wa pamsewu sangaone m'kati mwa silinda, koma pakachitika ngozi yaikulu njinga imaunikidwa, ndipo mudzapezeka kuti mumayendetsa njinga imene laisensi yanu siilola komanso yosiyana ndi mapepala ake. A inshuwalansi angakane kulipira pa chifukwa chimenechi, ndipo kwa munthu wochokera kunja amene amadyera msewu, mlandu wotere ndi wolemera. Tengani kaye laisensi ya A. Mukaitenga, ndi bwino kugulitsa CG yanuyo ili momwemo n'kugula njinga imene inapangidwa ili ya 150 cc, yomwe mabuleki ndi kilachi yake zinapangidwira mphamvu imeneyo. Pakadali pano muzisintha oyilo pafupipafupi, chifukwa injiniyi imanyamula pafupifupi lita imodzi yokha ndipo ntchito yanu yoima ndi kunyamuka tsiku lonse imamutopetsa msanga.

FUNSO

Ndinagula Yamaha DT175 chifukwa imandikumbutsa njinga za alangizi a zaulimi kwathu ku Mzimba. Kodi ndikachotsa zotchinga za m'kati mwa ekizozi, mphamvu idzawonjezeka?

Wowerenga wa ku Tembisa

YANKHO

Bambo, chimene chidzawonjezeke ndi phokoso basi. DT175 ndi injini ya two-stroke ya 171 cc, yopanda mavavu ngati a njinga ziwiri zapamwambazi, ndipo imadalira maonekedwe a ekizozi yake kuti mpweya wobwerera ukankhire petulo amene amafuna kuthawa kuti abwerere mu silinda. Mukasokoneza ekizoziyo mumataya mphamvu yokoka ndipo petulo amatha msanga. Pa njinga yazaka zimenezi, chimene chimaba mphamvu kawirikawiri ndi mwaye wa oyilo umene umaundana pa khomo lotulukira utsi ndi m'kati mwa chotchingacho. Chotsani chotchingacho, muchiyeretse, mupale mwaye wa pa khomo ndi kamtengo kolimba osati chitsulo, kenako muchibwezeretse. Ngati tsiku lina silinda idzasemedwe, mudzawauze osemawo kuti asalaze m'mphepete mwa makomo onse a m'khoma, chifukwa akawasiya akuthwa amakola ringi n'kuithyola.